Chikho Chimene Phungu Anamwa

Garaji ya a Saimone ku Māngere sinagonemo galimoto chiimangireni. Galimotoyo inkanyowa panja ndi mvula ya ku Auckland, m'katimo muli mikeka, mbale yaikulu yamtengo, ndi amuna a ku Tonga atakhala mozungulira, miyendo atapinda. Loweruka lililonse masana ankasungunula kava, muzu wathu uja wosinja, n'kumapatsirana m'chikho cha kokonati, uku akuimba nyimbo za kutchalitchi, uku akunyozana za mpira wa ragibi.

Musaone ngati kunali kutaya nthawi chabe. Ambiri mwa amuna amenewo anali zidakwa zosiya. A Saimone eni akewo mowa unatsala pang'ono kuwalowetsa m'bokosi, ndipo anayambitsa bwaloli kuti Loweruka, tsiku limene pakhosi pamayabwa, munthu azikhala ndi kopita kosakhala ku bala. Amene ankamudera nkhawa kwambiri anali Lisiate, mnzawo wa kufakitale ya nyama. Mkazi wa Lisiate, Seini, anali atalumbira kuti akadzangomvanso fungo la mowa m'nyumba, adzatenga ana n'kupita kwa abale ake ku Brisbane osacheuka. Banja limenelo linkaimira pa garajiyo.

Tsiku lina kunatulukira a Kalolaine, mlongo wawo wa a Saimone, chikwangwani chili m'khwapa. Kwathu mkazi salowa pamene mlongo wake akumwa kava, koma mawu ake ndi olemera kuposa a mwamunayo ngakhale atabadwa pambuyo. Choncho anaima pakhomo, nyimbo n'kuduka.

"Achimwene, mwamva zimene boma lasainirana ndi mayiko akunja? Chilichonse chimene munthu amamwa kuti thupi likhale bwino, kaya mavitamini, kaya mafuta a nsomba, kaya mizu, akufuna chiziwerengedwa ngati mankhwala a kuchipatala. Wogulitsa azikhala ndi chiphaso chodula choti angachikwanitse ndi makampani akuluakulu okha. Ife ogula takana. Lachinayi komiti ya aphungu ikubwera m'tauni kudzamva maganizo a anthu."

"Pepani achemwali, mawondo anu amene mumawamwera mafuta a nsombawo tikuwamvera chisoni ndithu," anatero a Saimone mwaulemu. "Koma za mapiritsi a azungu zikutikhudza pati ife?"

"Kava si muzu kodi? Amutchula dzina mmenemo. Mukayankhule nokha, inu omwa."

"Aaa, mayi, ife ndi mimba zathuzi tikaime pamsewu ndi zikwangwani ngati ana a sukulu?" anatero Lisiate, anzake n'kufa nacho chiseko.

A Saimone anakweza dzanja. "Nkhani zazikulu sitikuwa nazo mumsewu, achemwali. Tiiyendetsa mwa kwathu."

Ndipo anaiyendetsadi mwa kwathu, abale inu. Anaitana phungu wa deralo, mzungu wina wamtali wosekaseka, a Whitcombe. Anaotcha nkhumba yathunthu, anaphika zilazi ndi chinangwa, n'kumukhazika mlendoyo pamalo aulemu, miyendo ikumuwawa. A Saimone anafotokoza dandaulo lawo mwa miyambi ndi mozungulira monga aulemu amachitira. Kenako chikho chinaperekedwa. Phungu anaomba m'manja monga anamuphunzitsira, n'kumwa chonse osapumira, nkhope itachita tsinya.

"Ndamva, anzanga. Ndili nanu limodzi," anatero akupukuta pakamwa.

Basi, mitima inakhala m'malo. Pajatu kwathu munthu akamva pempho lako pabwalo, n'kulandira chikho, n'kumwa chonse, ndiye kuti wavomera, ndipo palibe pepala lingapose pamenepo. Mafumu timalonga ndi chikho, maukwati timamanga ndi chikho. A Kalolaine atabweranso kudzawakumbutsa za Lachinayi, a Saimone anangoti, "Wamwa, achemwali. Nkhani yatha." A Kalolaine anawachonderera mpaka mawu kusasa, koma munthu akauma mutu ngakhale umuthire madzi otentha safewa.

Lachinayi lija holo inadzaza ndi amayi, nkhalamba ndi eni timasitolo, aliyense kabotolo kake m'manja. Ankaimirira mmodzimmodzi kunena chimene amamwa, chimene chimawathandiza, ndi chifukwa chimene sakufunira kuti mtengo wake ukwere kumwamba. A Kalolaine atamaliza za mafuta a nsomba a mawondo awo, anatchulanso kava.

"Inuyo mumamwa, mayi?" anafunsa wapampando wa komitiyo.

"Ayi, amamwa ndi achimwene anga ndi anzawo."

"Nanga iwowo ali kuti?"

A Kalolaine anacheuka. Mipando imene anawasungira kumbuyo inali yopanda anthu. Manyazi anawagwira mpaka m'mafupa. Lamulo litatuluka, mavitamini ndi mafuta a nsomba anali atawachotsamo, poti eni ake analira mokweza. Kava anatsalamo yekha ngati mwana wamasiye.

Sipanatenge nthawi. Matumba a kava ochokera ku Vava'u, kwathu ku Tonga, anawatsekera kudoko, ndipo kasitolo kamene tinkagulako kanatsala mashelefu okhaokha. A Saimone anayesa kusunga bwalo ndi tiyi ndi mabisiketi. Tiyi! Amuna akuluakulu atakhala mozungulira ketulo, kuyang'anana ngati ali pamaliro. Nyimbo sizinkakoma, nthabwala sizinkatuluka. Loweruka lililonse mikeka inkachuluka kuposa anthu, mpaka tsiku lina Lisiate sanabwere. Anthu anamuona akutuluka mu bala ya pafupi ndi siteshoni, akuyenda mopepesuka, akuimba yekha.

A Saimone anavala jekete yawo ya kutchalitchi n'kupita ku ofesi ya phungu, mtima ukuwira.

"A Saimone! Nkhumba ija sindinaiiwale mpaka lero," anatero a Whitcombe akuwagwira chanza ndi manja awiri.

"Bwana, munamwa chikho chathu."

"Ndinamwadi, ndipo zikomo kwambiri. Lilime linachita dzanzi tsiku lonse!"

"Munamwa chonse. Munavomera kutiyankhulira."

Mzunguyo anadabwa zenizeni, osati zonamizira. "Pepani, ine ndimaona ngati mukungondilandira monga mlendo. Komanso mu komiti imeneyo ine mulibemo. Iwo amalemba zimene anena anthu amene abwera pamaso pawo. Bwanji simunapite?"

A Saimone anafuna kulavula moto, koma akanamukalipira ndani? Munthuyo sananame, anangomwa chimene anapatsidwa. A Saimone anatuluka, ndipo m'malo mokwera basi ya kwawo anakwera yopita kwa mlongo wawo. Atafika sanakhale pampando. Anakhala pansi pakhonde, mutu atawerama.

"Mwabwera kudzandiuza kuti nkhani yatha?" anafunsa a Kalolaine.

"Ndinyozeni achemwali, ndi ufulu wanu. Mukamaliza mundiphunzitse mmene amayankhulira pamaso pa anthu amenewa."

A Kalolaine anawanyozadi, sanawasiyire ngakhale pang'ono, kenako anawauza kuti komitiyo ikhalanso ku Wellington, likulu la dzikolo, kuunika zotsala za lamulolo. Kuyambira tsiku limenelo a Saimone anasanduka munthu wina. Bambo amene ankati zikwangwani n'za ana a sukulu ankaima pamsika wa Loweruka m'mawa, mvula ikuwakwapula, kuimitsa aliyense wodutsa, kaya wa ku Tonga, wa ku Fiji kapena wa ku Samoa. Anayenda m'matchalitchi, anagogoda m'magaraji a anzawo. Ena ankawaseka kuti, "Mkulu, bwanji osangomuphera nkhumba ina phungu uja?" Iwo ankangonena kuti, "Sekani, koma basi ikunyamuka Lolemba, ndipo mpando wanu ulipo."

Basi inadzaza. Analowa m'nyumba ya malamulo atamanga mikeka yaulemu m'chiuno monga timavalira kwathu, alonda akungoyang'ana. Amayi a mavitamini aja, amene zawo zinali zitatheka kale, anabweranso kudzakhala kumbuyo kwawo. Dzina lawo litaitanidwa, a Saimone anaimirira, Chingerezi chawo chothyokathyoka, koma sanalole kuti wina awayankhulire.

"Ine ndinali chidakwa," anayamba motero. "Ana anga ankabisala ndikamabwera. Chimene chinandichotsa ku bala ndi muzu umenewu ndi amuna awa. Si mankhwala, sitimwa kuti tichire nthenda. Timamwa kuti tikhale pamodzi n'kubwerera kunyumba tili anthu. Ngati mukuopa kuti ena amagulitsa woipa, muyezeni, ifenso woipa sitimufuna. Koma musatitsekere. Ulendo woyamba sindinabwere chifukwa cha kuuma mutu kwanga. Lero ndabwera, ndipo mukakana ndibweranso."

Atakhala pansi anaimirira wina, kenako wina, mpaka wapampando anaiwala zoyang'ana wotchi.

Panapita miyezi, mayankho akuchedwa monga za boma zimachitira, koma mapeto ake kava wosungunula m'madzi anamuchotsa pa mankhwala n'kumuika pa zakumwa. Matumba anatuluka kudoko. Loweruka limenelo garaji inadzaza mpaka ena kukhala panja, nyimbo zikumveka msewu wonse. Koma a Saimone sanamwe chikho choyamba. Ananyamuka mwakachetechete n'kupita kwa Lisiate.

Anamupeza atakhala pakhonde, ndevu zosameta, mabotolo ali mbwee. Zitseko za zipinda zinali zotsegula, mabedi a ana opanda zofunda. Seini anali atasunga lumbiro lake.

"Kava wabwera, bwanawe. Tiye."

"Wabwera mochedwa, mkulu," anatero Lisiate osadzutsa mutu. "Mukadapita Lachinayi lija."

Mawuwo anawalasa a Saimone pamtima, ndipo sanadziikire kumbuyo, poti anali oona. Misozi inalengeza. Anakhala pansi pambali pa mnzawoyo n'kuyamba kutolera mabotolo aja.

"Ndikadapitadi, ndipo iwenso ukadapita. Tinatuma munthu amene sizinkamupweteka. Koma pano sindichoka wopanda iwe. Ukakana lero, Loweruka likubwerali undionanso pakhonde pompano, mpaka utope nane."

Lisiate sanapite tsiku limenelo. Seini sanabwerere mpaka pano. Koma Loweruka lililonse, bwalo lisanayambe, mudzawaona a Saimone akukwera kamtunda ka kwa mnzawo, ndipo masiku ena amatsika awiri. Satumanso munthu pa chinthu chimene chikuwawawa iwo eni. Anaphunzira mowawa zimene akuluakulu ananena, kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.