Nsapato za Asiyatu

Asiyatu Jafali anafika ku madarasa kwathu Lachinayi, titangomaliza swala ya Asiri, pemphero lathu la chakumadzulo. Nsapato zimene anavala anazivula pakhomo monga mwa masiku onse, koma analowa ndi zina, zosewerera mpira, atazikulunga m'jumbo n'kuzikumbatira ngati khanda. Ine ndinali pambali ndikupinda mikeka, ndipo ndivomere kuti ndinayamba kupinda mwachidodo kuti nkhaniyo isandipite.

Mtsikanayu anakulira m'manja mwathu. Pa nthawiyi anali m'chaka chachiwiri ku koleji ya aphunzitsi, ndipo pa mpira wa ntchemberembaye ndiye ankamwetsa zigoli m'timu ya kolejiyo. Dzina lake linkamveka mpaka m'maminibasi a ku Liwonde. Koma tsikulo nkhope yake inali yakugwa.

Mwalimu, mphunzitsi wathu wamkulu, Abiti Amidu, anali atakhala pansi akusoka chikuto cha buku. Mayiwa ndi ophunzira zedi, ngakhale mashehe amabwera kudzawafunsa nzeru, koma ukawapeza akusesa pabwalo sungawaganizire n'komwe.

"Assalamu alaikum, Mwalimu," anatero Asiyatu atagwada.

"Wa alaikum salaam, mwanangu. Khala apa. Nanga mlendo wanyamulayo ndani?"

Asiyatu sanaseke. Anaika jumbo lija patsogolo pawo.

"Ndabwera kudzazisiya, Mwalimu. Mupatse aliyense amene zingamukwane. Mayeso apitawa ndalephera maphunziro awiri, ndipo a ku koleji andiuza kuti ndikalepheranso mwezi wamawa ndilongedze katundu. Mpira ndausiya."

"Mtima wako wavomera?"

"Ayi. Ndalira njira yonse."

Abiti Amidu anabaya singano pa nsalu yawo, n'kumuyang'ana.

"Pepa, ine za mpira sindidziwa, undiphunzitse. Mumasewera maola angati pa tsiku?"

"Awiri, madzulo."

"Nanga m'kalasi mumakhalamo angati?"

"Asanu ndi limodzi."

"Ndiye awiriwo anameza bwanji asanu ndi limodzi? Tandionetsa kope lako."

Asiyatu anazengereza, kenako analitulutsa m'chikwama. Ine ndinasiyiratu mikeka ija n'kusendera pafupi. Tsamba lililonse linkayamba bwino, mizere itatu ya zimene aphunzitsi ananena, koma kuchokera pamenepo mpaka pansi panali chithunzi cha bwalo la mpira, timivi tolozera uku ndi uko, ndi mayina a anzake a m'timu.

"Apa mumaphunzira chiyani?" anafunsa Mwalimu.

"Kaphunzitsidwe ka masamu," anayankha motsitsa mawu.

"Masamu okongola. Nanga kubwaloko zinthu zikuyenda?"

"Nakonso ayi, Mwalimu. Ndimapita ndi timapepala tokonzekera mayeso, ndimabisa m'sokosi, nthawi yopuma ndimasuzumiramo. Loweruka lapitali ndinaphonya zigoli zinayi ndili pansi pa golo penipeni, mutu uli ku mayeso."

Apa Abiti Amidu anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya mpango wawo. Zaka zonse ndakhala nawo sindinawaonepo akuseka chonchija, ndipo nane ndinalephera kudzigwira.

"Ndiye kuti m'kalasi umasewera mpira, kubwalo umalemba mayeso! Aphunzitsi akukusowa, anzako a m'timu akukusowanso. Iweyo umapezeka kuti, mwanangu?"

Asiyatu anaphimba nkhope ndi manja, mapewa akugwedezeka. Poyamba ndinayesa akulira, koma naye anali akuseka.

"Tanyamula nsapatozi," anatero Mwalimu kuseka kutatha, "ukaziike pakhomo pamene pali zinzake."

Anapita, anazitulutsa m'jumbo, n'kuziika pakati pa mapatapata a ana ndi nsapato zakale za Mwalimu zomangidwa ndi waya. Atabwerera anakhalanso pansi, manja ali pamiyendo opanda kanthu.

"Zanga zija zilipo?" anafunsa Mwalimu.

"Zilipo, Mwalimu."

"Alhamdulillah. Zaka makumi anayi ndakhala ndikuvula nsapato pakhomo limeneli. Sindinalowepo nazo, komanso sindinazitayepo."

"Koma ndikuopa, Mwalimu," anatero Asiyatu. "Ndikabwerera kumudzi wopanda pepala la uphunzitsi, mayi anga ndikawauza chiyani?"

"Kuopako n'kwabwino, kukudzutse m'mamawa. Kope ili uzibwera nalo Lachinayi lililonse mpaka mayeso adutse. Ine ndi mnzanga wopinda mikekayu tiziliona tsamba ndi tsamba, poti makutu ake ali kale m'nkhaniyi."

Manyazi anandigwira, koma ndinavomera ndi mtima wonse. Ndinali wosangalala kuona nkhope ya mwana uja itawalanso.

Kenako Abiti Amidu anamugwira dzanja, n'kuyankhula mofatsa.

"Palibe munthu amene amataya nsapato chifukwa akufuna kuswali. Timazivula pakhomo, timalowa ndi mtima wonse, ndipo tikatuluka timazipeza zikutidikira. Allah anakupatsa mutu, anakupatsanso manja awa, usamubwezere mphatso imodzi ngati kuti analakwitsa. Mawa ukamalowa m'kalasi, mpira uusiye pakhomo. Ukamalowa m'bwalo, mapepala aja uwasiye pakhomo. Tsopano dzuka ukatenge nsapato zako, zadikira mokwanira. Ndipo Loweruka undisungire malo pamthunzi, ndikubwera kudzaona zigoli zinayi zija zikubwerera."