Mchombo wa Mwana wa Kumadzi Oundana

Anzanga, ndiyambire kumapeto chifukwa mtima sukundilola kudikira: mchombo uja unakwiriridwa, ndipo aphunzitsi asankha nthano yangayi kuti tiisewere pasukulu! Koma mutu wanga wazungulira nayo. Tamverani.

Kalekale, madzi osefukira atamiza mudzi wina ku Chigwa cha Shire, anthu anasowa pokhala, poti kumtunda kunali kutadzaza kale. Ndiye anawatengera kumathero a dziko, kumadzi oundana, kopanda mtengo ndi umodzi womwe. Dzuwa la kumeneko silinkalowa, moti tambala ankangolira mwachisawawa.

Kumeneko mayi wina, Esinta, anabereka mwana. Mchombo utagwa, anafuna kuukwirira m'dothi monga mwa mwambo, kuti mwana atuluke m'chikuta ali ndi kwawo. Iye anati, "Amene andithandize ndiye atche mwanayu dzina."

Atsibweni ake a Esinta, a Malizani, anathamanga ndi khasu. Kungoti kha! khasu n'kuthyoka. Apo anatenga nkhafi ya bwato lawo limene linamira m'madzi osefukira aja, chinthu chokhacho chimene anapulumutsa, n'kukolezera moto kuti pansi pasungunuke.

Moto usanagwire, mnansi wawo a Bwanali anagona n'kutchera khutu pansi. "Zimitsani, achimwene. Pansipa pakuyenda madzi. Ino ndi nyanja yangouma pamwamba, mchombowo udyedwa ndi nsomba." A Bwanaliwo anayenda mpaka zala zakuphazi kuchita dzanzi, napeza mtunda weniweni. Nkhafi ija inakapsera kumeneko, dzenje linatheka, koma munali miyala yokhayokha.

Kenaka azakhali ake a Esinta, a Fanesi, anatulutsa chitini cha dothi la kumudzi, momwe ankadzalamo mpiru. Anazula mpiruwo, nakhuthulira dothi lonse m'dzenjemo.

Mchombo unakwiriridwa, mkangano n'kubuka.

"Dzenje ndi la nkhafi yanga," anatero a Malizani.

"Nkhafi yanuyo ikanaphikira nsomba ndiwo," a Bwanali anawaseka.

"Nanga mwana amamera pa mwala?" anafunsa a Fanesi.

Esinta analephera kusankha, ndipo mwana anatuluka m'chikuta akumutcha Uja.

Inetu ndaganiza mpaka kuiwala kusesa m'kalasi. Ndikati a Fanesi, nkhafi imandimvetsa chisoni. Ndikati a Malizani, ndimaona nsomba zija. Chidole chimene chikhale mwanayo chilibe dzina mpaka pano, ndiye mawa mubwere kuholo tikaweruka, mudzaone, mudzatilanditse. Inuyo mukuti mwa atatuwa atche Uja dzina ndani?