Kasitima ka M'chipinda Chotseka

Kuchapa matewera, kukolopa, kusita malaya a bambo, kuyamwitsa, kuchapanso: tsiku la mayi a mwana linkatha choncho. Amuna awo, okonza mawotchi, akaweruka ankangolunjika kuchipinda chakumbuyo. Kumeneko ankapanga kachifanizo ka sitima yankhondo yoyenda pansi pa nyanja, kotalika ngati mkono.

M'kati mwake anaikamo tianthu tapulasitiki, n'kumata pamwamba ndi guluu.

"Nanga anzanuwo apuma bwanji?" anafunsa mayiwo.

"N'zidole izi, mayi. Sitima yeniyeniyo inamira nawo onse. Akuti ankagogoda chitsulo mpaka mpweya kuwathera."

Katatha, bambo anati kakuwala ngati kam'sitolo, kayenera kukalamba. Anayamba kukapaka dzimbiri lapenti, mizere ya mafuta akuda, ndere m'mphepete. Mdani wawo anali fumbi logwera pa penti yaiwisi. Anatseka zenera, m'ming'alu n'kumatamo mapepala, pansi pa chitseko n'kufwirirapo nsanza, kiyi kwe! m'kati.

"Bambo a mwana, fungoli likulasa m'maso ndili kunja kuno. Tsegulaniko zenera."

"Za penti mwazidziwira kuti inu? Samalani matewera."

Loweruka masana, mayi akupinda zovala, anamva: go... go... go. Kugogoda kwa chitsulo, kwapansipansi, ngati kochokera m'madzi. Anaitana bambo m'chipindamo. Zii. Mwana kumsana anasiya kulira, n'kutembenuzira mutu kuchitsekocho. Go... go. Kunkachepa mphamvu. Mayi anakankha chitseko, koma chinali chokiya m'kati. Mayi anazungulira panja, anatola njerwa, zenera phwa!

Bambo anali thapsa pansi chafufumimba, milomo itada, manja onse awiri atawagonera. Pathebulo kasitima kali phee, konyowa, kadzimbiri, ngati angokavuula kumene. Amene ankagogoda, mayi samudziwa mpaka lero, ndipo safunsa.

Zimene zinapita ndi izi: zenera, chitseko chimene aneba anathyola, masiku a kuchipatala, ndi manja a bambo, amene tsopano amanjenjemera moti sangagwirenso tizitsulo ta wotchi. Ntchito inathera pomwepo. Mayi amachapa zovala za eni kuti mwana adye, ndipo mazenera onse a nyumbayo amagona otsegula.

Akuluakulu sananame: wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu.