Fisi Amene Sanadikire Yankho

Panali munthu wina, dzina lake Kambani, wogulitsa zipangizo za njinga mumsika wa m'tauni. Anzake amene anaphunzira nawo sukulu anali atabalalika, ena ku Mzuzu, ena ku Joni, ena kumudzi komweko. Chimene chinkawasonkhanitsa chinali gulu la macheza pa foni. Lamlungu masana, akaweruka ku tchalitchi, ankasewera masewera otchedwa Fisi M'khola.

Woyendetsa masewerawo, mayi wina wotchedwa Nankhoma, ankatumizira aliyense uthenga wamseri womuuza ngati ali mbuzi kapena fisi. Fisi ankakhala mmodzi, wobisala pakati pa mbuzi, n'kumazidya imodziimodzi. Mbuzi ikadyedwa, otsalawo ankakambirana, kenako n'kuponya mavoti kuti atulutse amene akumukayikira. Akatulutsa fisi, mbuzi zapambana. Akatulutsa mbuzi inzawo, fisi ankapitiriza kudya.

Malamulo ake anali ochepa. Wolozedwa chala ayambe wadziyankhira mavoti asanaponyedwe. Wotulutsidwa akhale chete mpaka masewera athe. Ndipo za kunyumba zitsale kunyumba, zisalowe m'khola.

Aliyense anali ndi kaseweredwe kake. Wina ankaphimba mantha ndi nthabwala. Wina ankangoyang'ana kumene ambiri alowera, naye n'kulowera komweko. Koma Kambani anali katakwe. Zala zake zinali zachangu, pakamwa pake poterera, ndipo akaloza munthu, gulu lonse linkaloza naye. Kugonja ankadana nako ngati mankhwala owawa.

M'gululo munalinso Lameki, mnzake wa Kambani kuyambira ali ana. Lameki anali wofatsa, wochedwa kulemba, ndipo foni yake inali yakalekale. Chaka chimenecho zinthu sizinkamuyendera. Mkazi wake anali atachoka n'kubwerera kwa makolo ake atasemphana mawu. Anthu akafunsa, Lameki ankati mkaziyo wapita kukadwazika mayi ake. Zoona zake anauza Kambani yekha, pamene ankhoswe anali kuyesa kukonza nkhaniyo mwakachetechete.

Tsiku lina Kambani analandira uthenga woti ndiye fisi. Anadya bwino. Koma mbuzi zitatsala pang'ono, wina analemba kuti, "Lero Kambani akulongolola kuposa masiku onse." Winanso anavomereza. Kambani anayang'ana mayina otsala, naona kuti Lameki sanalankhulepo chiyambireni masewera.

"Bwanji Lameki ali duu?" analemba motero. "Fisi wakhuta salira."

Nankhoma anati, "Lameki, mwalozedwa. Tikudikira yankho lanu."

Foni inasonyeza kuti Lameki akulemba. Inasonyeza choncho kwa nthawi. Pamenepo mayi wina anaikapo mawu, nati, "Ayi, Lameki sadziwa kunama. Tiyang'ane kwina."

Kambani anaona kuti nsomba ikupulumuka. Sanaganize kawiri. Analemba kuti, "Sadziwa kunama ameneyu? Tamufunsani kumene kuli mkazi wake. Miyezi yonseyi akutiuza kuti akudwazika matenda, chonsecho anamuthawa. Voti yanga ndi Lameki."

Ozolowera kutsatira Kambani anaponya mavoti awo msangamsanga, ena asanawerenge n'komwe mpaka kumapeto. Pamene Nankhoma ankalemba kuti, "Imani kaye, sanayankhe," mavoti anali atakwana kale. Chizindikiro choti Lameki akulemba chinazimirira. Lameki anali atatulutsidwa, ndipo anasunga lamulo loti wotulutsidwa akhale chete.

Nankhoma analengeza kuti Lameki anali mbuzi, ndi kuti fisi, yemwe anali Kambani, wapambana, pakuti mbuzi zotsala zinali zitachepa. Masiku ena pamenepa pankadzaza kuseka ndi kunyozana kwachibwana. Tsikuli panalibe anaseka. Patapita kanthawi, mmodzi analemba kuti, "Zoona, Lameki? Pepani." Ndipo gulu linaona kuti Lameki wadzichotsa.

Kambani anafufuta uthenga uja, koma madzi akatayika sawoleka. M'gululo munali msuweni wa mkazi wa Lameki. Nkhani inafika kwa makolo a mkaziyo isanathe sabata, ndipo mkaziyo anauza ankhoswe kuti sangabwerere kunyumba kumene mavuto ake asanduka choseweretsa cha anthu pa foni. Palibe angalumbire kuti banjalo likanakonzeka. Koma zokambirana zinathera pomwepo.

Kambani anayamba ndi kudzitonthoza kuti anali masewera chabe. Anaimba foni, osayankhidwa. Anatumiza mauthenga a nthabwala, kenako a kupepesa. Lamlungu lotsatira anthu anabwera ochepa, ndipo aliyense ankalemba moopa, ngati woyenda paminga. Posakhalitsa Nankhoma ananena kuti watopa kuyendetsa masewera, ndipo palibe anadzipereka kulowa m'malo mwake.

Pomaliza Kambani anatseka shopu yake, nakwera minibasi kupita kwa Lameki. Anamupeza pakhonde akuchapa yekha zovala za ana. Lameki anapukuta manja, namutulutsira mpando, namufunsa za kunyumba monga afunsidwira mlendo aliyense.

Kambani anati, "Aise, ndinalakwa. Zinangondipulumuka. Ndinkafuna kupambana basi."

Lameki anapitiriza kuchapa. Poyankha sananene kuti iwe, monga ankachitira kuyambira ali ana.

"Mukudziwa chimene ndinkalemba, achimwene? Ndinkalemba kuti mutu ukundiwawa, anditulutse ineyo kuti ndikagone. Foni yanga imachedwa. Mukanangodikira pang'ono, mukanapambana osandivula."

Kambani anakhala pampandopo mpaka Lameki atatsiriza kuchapa, kenako anatsanzika. Lameki anamuperekeza mpaka pamsewu, pakuti anali munthu wa ulemu. Mpaka lero akakumana amapatsana moni. Koma Lameki sanamuuzenso Kambani kanthu ka mumtima.

Tsono inu amene mwamva fanizoli, ambiri a inu muli m'magulu otere, ndipo zala zanu zimathamanga kuposa mtima. Musanaweruze munthu, mulekeni atsirize kulankhula, ngakhale akuchedwa. Musakweze dzanja chifukwa choti wapakamwa wakweza lake. Ndipo chimene mnzanu anakusungitsani ali m'misozi si chida chomenyera nkhondo ya masana amodzi. Masewera amatha, foni mumaibweza m'thumba, koma munthu amene mwamuyalutsa amadzuka ndi manyazi akewo mawa, ndi mkuja womwe.