Mpira Unagwera M'tiyi

Nthawi inali itangokwana sikisi koloko m'mawa, ndipo chiperoni chinali chitakuta mapiri a Thyolo kwa tsiku lachitatu. Nkhungu inatsika mpaka pamadenga, kamvula kowaza kakunyowetsa munthu mwakachetechete. M'kanyumba kosungira zipangizo, pa bwalo la gofu la esiteti ina ya tiyi kufupi ndi Luchenza, a Everson Namakhwa ankanola mipeni ya makina otchetchera kapinga. Bwalolo anali atalisamala zaka makumi atatu ndi ziwiri. Ankadziwa pamene madzi amadikha, pamene chiswe chimatulukira, ndi pamene mpira umanamiza maso.

Bwalolo linali laling'ono, la maenje asanu ndi anayi, choncho osewera ankalizungulira kawiri. Mbali zitatu linazingidwa ndi minda ya tiyi, yosalala pamwamba ngati mphasa yoyala kumene. Mipikisano inkachitika Lamulungu, poti antchito ambiri kumeneko ndi a Sabata, ndipo Lamulungu lomwelo ndi pamene ena a iwo ankalowa m'munda kukatchola masamba.

Tsikulo kunali alendo asanu ndi atatu ochokera ku Lilongwe, pa ulendo wawo wa chaka ndi chaka: dzulo ku Zomba, lero ku Thyolo, mawa ku Mulanje. Chikho cha ku Thyolo chinkaseweredwa awiriawiri. Anthu awiri, mpira umodzi, kumenya mosinthana. Wina akalakwa, mnzake ndiye amakapeza mpirawo pamene wagwera.

Mwa alendowo munali a Simeoni Kaphwiti, mphunzitsi wopuma wa zaka makumi asanu ndi awiri kudza ziwiri. Anali atabwera kudzapikisana pa chikhochi kakhumi ndi kawiri, osachipambanapo, ngakhale kawiri anathera pa nambala yachiwiri. Chaka chino bondo lawo lakumanzere linali litatopa, ndipo dokotala anawauza mosabisa kuti ulendo uno ukhale wotsiriza. Anzawo, powafunira zabwino, anawapatsa mnzawo wosewera naye amene aliyense ankamulakalaka: a Fraser Chimphamba, injiniya wa zaka makumi anayi, katswiri wa kalabu yawo. Ku Thyolo a Fraser anali asanapondeko.

Itakwana hafu seveni, a Namakhwa anapukuta manja n'kukwera pakhonde la kalabu, monga ankachitira nthawi zonse kukabwera alendo, kuti awafotokozere za bwalo. A Simeoni anapita kukaitana mnzawo, amene ankamenya mipira yoyeserera pansi pa mtengo wa mbawa.

"A Fraser, tiyeni tikamve a Namakhwa. Bwalo lino lili ndi miyambo yake."

"Madala, gofu ndi gofu," anayankha a Fraser akuseka. "Dzenje la kuno ndi la ku Lilongwe kukula kwake n'kumodzi. Ndili ndi kachipangizo aka, kamandiuza mtunda mpaka mita yomaliza. Inu pitani mukandimverere, ine nditenthetseko mapewa."

A Simeoni anabwerera okha, akutsimphina pang'ono.

A Namakhwa sankalankhula zambiri, ndipo mawu awo ankatuluka pang'onopang'ono ngati munthu akudzala nyemba. "Abwana, pa bwalo lachilendo ukatswiri mumayamba mwausiya m'galimoto. Kukakhala chiperoni chonchi, mpira suuluka monga kwanu; tengani ndodo yotalikirapo kuposa imene mwazolowera. Mukafika pa gilini, pa kapinga wosalala wozungulira dzenje paja, maso akuuzani kuti mpira upendekera kuphiri. Musawamvere, umatsetserekera kuchigwa. Musalimbane ndi mbendera ya padzenje, menyani pakati pa gilini. Chachikulu ndi ichi: muona nsungwi zopaka utoto wabuluu m'mphepete mwa tiyi. Mpira ukadutsa nsungwizo, usiyeni, otchola atibweretsera. Ponyani wina kunja kuno, muwonjezere shoti imodzi ya chilango. Koma amene alowe m'tiyi ndi ndodo, iye ndi mnzake atuluka mu mpikisano. Kale osewera ankathyola tiyi mpaka eni esiteti anafuna kulima bwalo lonseli. Pangano limeneli ndi limene linatisiyira posewerera."

Alendo asanu ndi awiri anagwedeza mitu. Wachisanu ndi chitatu anali pansi pa mbawa, mipira yake ikulira m'nkhungu.

A Simeoni ndi a Fraser anayenda limodzi ndi awiri amphamvu a pakhomo: mayi Olivia Muhiwa, namwino wa pachipatala cha mishoni amenenso anali mlembi wa kalabu, ndi a Philip, mkulu wa kufakitale. Kunena zoona, a Fraser ankadziwa kumenya. Mpira wawo unkachoka pansi ndi kaphokoso kouma, n'kulowa m'nkhungu mowongoka ngati chingwe. Pa dzenje lachitatu anakankha mpira poyesa kuti upendekera kuphiri, koma unatsetserekera kuchigwa. Anati kapingayo ndi wometa moipa. A Simeoni anangowerama ndi kuulowetsa.

Akudutsa m'mphepete mwa tiyi ulendo woyamba, mkuluyo anayesanso. "Nsungwi zabuluuzi, a Fraser, a Namakhwa anati..."

"Dikirani kaye, madala, ndikuyeza," anatero a Fraser, diso lili pa kachipangizo kawo. "Kumeneko sitipitako ife. Mipira yanga siidziwa njira ya kutchire."

A Simeoni anali munthu wosakonda kukakamiza. Anaona mmene mnzawoyo ankamenyera, naganiza kuti mwina n'zoona, kutiyi sapitako. Anaisiya nkhaniyo.

Pofika pa dzenje lakhumi ndi chisanu ndi chimodzi, a Simeoni ndi a Fraser anali patsogolo ndi mashoti atatu, ndipo kunatsala maenje atatu okha. Mayi Olivia anaseka akulemba pa khadi. "A Kaphwiti, chaka chino mwabwera ndi mfuti. Ife tangokhala operekeza mkwati."

"Musandiyike m'kamwa msanga, mayi," anatero mkuluyo, koma nkhope yawo inawala ngati ya mwana wa sukulu tsiku lotsekera.

Kuyamba dzenjelo kunali kwa a Simeoni. Pamene ankatembenuka kuti amenye, bondo lija linawagwedeza, mpira n'kupatukira kumanja, kolowera kutiyi, n'kusowa m'nkhungu. A Fraser sanadikire. Anakoka chikwama chawo cha mateyala n'kuyamba kuyenda mothamanga. Mayi Olivia ndi a Philip anapita kumanzere kukafuna mpira wawo m'udzu.

"A Fraser! Ukakhala m'tiyi musalowemo!" anakuwa a Simeoni. Koma thalakitala yonyamula masamba inkadutsa kumtunda, ndipo mawu a nkhalamba sapikisana ndi thalakitala. Anayesa kufulumira, bondo linakana.

A Fraser anaupeza mpirawo mosavuta. Unali utakhala pamwamba pa tiyi, mizere inayi kuchokera pa nsungwi zabuluu, woyera pa masamba obiriwira ngati dzira pa chisa. Otchola amasamala pamwambapo kuti pakhale pofanana, ndipo amapatcha tebulo, chifukwa ndi pamene pamaphuka nsonga zanthete zimene zimapita kufakitale. A Fraser anaziona nsungwizo. Kwawo ankadziwa zikhomo zoyera, zofiira ndi zachikasu. Zabuluu anaziyesa za alimi. Chapafupi panali amayi atatu ndi madengu kumsana, ndipo kufunsa kukanangotenga mpweya umodzi. Koma a Fraser anangoona mwayi wosonyeza luso.

Analowa, tiyi akuwafika m'chiuno, nthambi zikuthyoka pansi pa nsapato. Anaponda uku ndi uku kuti apeze poima. Kenako anazunguza ndodo chopingasa, masamba n'kuuluka ngati mbalame zodzidzimuka, mpira n'kukwera, n'kukatera pa gilini, mapazi asanu ndi limodzi kuchokera padzenje.

"Madala, mwaona?" anafuula atakweza ndodo m'mwamba.

Amene anayankha anali mmodzi wa amayi aja, mayi Mildred, amene anali atasiya kutchola. "Taona, bambo. Mwatchola mwachangu ndithu. Koma kusikelo salandira nthambi." Anzawo anaseka chapansipansi. Iwo sanaseke. Anayandikira n'kugwira nthambi yothyoka. "Mzere uwu ndi wanga. Tebulo ili kuti libwerere pafunika milungu itatu. Kapitawo akafunsa ndinene kuti kunadutsa ng'ombe ya ndani?"

A Simeoni anafika akupuma mwabefu, ndipo mayi Olivia ndi a Philip anafikanso. Mkuluyo anayang'ana mpira pa gilini, n'kuyang'ana chibowo chimene chinatsala m'tiyi. Anavula chipewa.

"Shoti yokongola," anatero mofatsa. "Zaka zonsezi sindinaonepo yotere."

"Ndiye mwatani nonsenu?" anafunsa a Fraser, akutuluka m'tiyi buluku litanyowa.

Mayi Olivia anawafotokozera lamulolo mwachidule. A Fraser anayamba aseka, kenako anatsutsa. Anati m'buku la malamulo a gofu mulibe nsungwi zabuluu. Anati palibe pamene zinalembedwa.

"Zalembedwa kuseri kwa khadi lili m'thumba mwanulo, achimwene," anatero mayi Olivia. "Ndipo a Namakhwa ananena m'mawa pakhonde. Mukanaponya wina panja pano, bwenzi mutataya shoti imodzi yokha. Mukanakhalabe patsogolo ndi awiri."

A Fraser anatulutsa khadilo n'kulitembenuza. Anawerenga nthawi yaitali kuposa kutalika kwa mawuwo. Atakweza mutu, mawu awo anali atatsika. "Mayi, wolakwa ndine. Ndichotseni ine. Madalawa sanalowe m'tiyi, ndipo uno ndi ulendo wawo womaliza."

Mayi Olivia anayang'ana a Philip, a Philip n'kuyang'ana pansi. Onse ankawakonda a Simeoni, ndipo zinkaoneka kuti akanatha kutsinzina diso limodzi. Koma mkuluyo anabwezera chipewa kumutu.

"Ayi, mayi. Mpira ndi umodzi, mlandu ndi umodzi. Inenso ndinamva lamulolo, koma ndinalisunga m'kamwa poopa kuvuta mnzanga. Zaka makumi anayi ndinkauza ana kuti lamulo la pasukulu siliona nkhope. Sindiyamba lero kuliphunzitsa kuona." Anatembenukira kwa mayi Mildred. "Mayi, pepani ndithu. Tikaonana ndi kapitawo wanu ife eni, mlandu usagwere inu." Kenako anagwira a Fraser paphewa. "Tiyeni timalize maenje atsalawa. Bondo ili ndalilipira kale, lisapite kwathu osagwira ntchito."

Anamaliza. Pa dzenje lomaliza a Simeoni anakankha mpira kuchokera patali, anausiya utsetserekere kuchigwa, ndipo unalowa. Chikho chinapita kwa mayi Olivia ndi a Philip. Mkuluyo anawomba m'manja pamodzi ndi onse, anamwa tiyi wawo mpaka kumaliza, anakalankhula ndi kapitawo monga analonjezera, n'kukakhala m'minibasi akusisita bondo. Sanadandaule, ndipo kusadandaula kwawoko ndi kumene kunawalemera a Fraser kuposa mawu alionse.

Anzawo akukweza zikwama, a Fraser anatsikira ku kanyumba ka zipangizo. Anapeza a Namakhwa akuthira mafuta m'makina. Anaima pakhomo kanthawi, chipewa chili m'manja.

"Bambo, m'mawa sindinabwere kudzakumverani."

"Ndinakuonani, bwana. Munkamenya bwino pansi pa mbawa paja."

"Ndawalanda madala aja chinthu chimene sindingawabwezere."

A Namakhwa anapukuta botolo la mafuta ndi kansanza. "Inde," anatero, osawonjezera ndiponso osachepetsa.

"Mawa tikusewera ku Mulanje. Kumenekonso sindinafikeko. Ndikatani?"

"Mukalawire. Mukafune munthu wa nsapato zamatope, osati wa tayi, mukamufunse kumene mpira umathawira ndi kumene munthu saponda. Mukatembenuze khadi musanamenye. Zina zonsezo muli nazo kale."

Minibasi inaliza hutala. A Fraser anathokoza n'kukwera chitunda, ndipo atalowa anakhala pafupi ndi a Simeoni. Galimoto inalowa m'nkhungu molunjika ku Luchenza.

Kumunda, mayi Mildred anali atasiya mzere wothyokawo n'kuyamba wotsatira, manja onse awiri akuthothola nsonga n'kuponya kumsana. A Namakhwa anakoka chingwe cha makina kawiri, kachitatu analira, ndipo anawakankhira ku gilini yoyamba, poti kapinga sadziwa kuti chikho chapita kwa ndani. Luso a Fraser anali nalo, maso anali nawo, ndipo anthu odziwa anali pafupi tsiku lonse. Akuluakulu sananame pamene anati safunsa anadya phula.