Kutsanzika kwa Telala Twaha

Tsiku lina masana, Che Swaleyi anafika pamzikiti wa ku Ntaja nthawi ya swala ya Asiri, pemphero la chakumadzulo, isanakwane. Anali mkulu wa komiti ya mzikitiwo, munthu wodziwa mawu ambiri a m'Kurani pamtima, komanso, tinene zoona, wokonda kuti anthu adziwe kuti amawadziwa. Anapeza Shehe Lajabu, mphunzitsi wokalamba wa pamalopo, atakwinya mikono ya mkanjo, akudzaza madzi m'mabirika oti anthu adziyeretsere asanaswali.

Atapatsana moni wa mtendere, Che Swaleyi sanadikire n'komwe kufunsidwa za kunyumba.

"Shehe, ndabwera ndi nkhani yabwino. Mlamu wanga Twaha, telala wa pamsika uja, wachira."

"Alihamudulillahi. Khalani pansi mundiuze bwino."

Twahayo anali atataya mkazi wake, mlongo wa Che Swaleyi, miyezi isanu yapitayo. Mayiyo anamwalira pobereka, ndipo khanda nalo linatsatira. Kuyambira pamenepo Twaha sankadya bwino, sankagona, ndipo makina ake osokera anachita fumbi pakhonde la sitolo.

"Ndinatopa nako kulira kwake," anatero Che Swaleyi. "Sabata yatha anandiuza kuti bola akanafa limodzi ndi mkazi wake. Ndiye ndinamukalipira. Ndinamuuza kuti mwamuna salira mpaka kalekale, ndipo wodzichotsera moyo akudikiridwa ndi moto. Onani tsopano, mawu anga agwira ntchito. Nkhope yake yakhala phee. Makina aja wapatsa mphwake. Mkeka wake woswalira wapereka kwa mnansi. Dzulo wayenda khomo ndi khomo kupempha anthu kuti amukhululukire zonse. Kwa ine anafika m'mawa uno, mpaka kundigwira dzanja ndi manja awiri. Ndimati Lachisanu likubwerali mumutchule pa ulaliki, achinyamata atengerepo phunziro."

Shehe anaika birika pansi. Anapukuta manja pang'onopang'ono.

"Che Swaleyi, ndikhululukireni, ine ukalamba wandisokoneza masiku. Kodi Ramadhani yayandikira?"

"Ayi, Shehe. Ikadali kutali."

"Kapena Twaha akupita ku Hajji chaka chino?"

Che Swaleyi anaseka pang'ono. "Twaha? Ngakhale ku Liwonde safikako."

"Kwathu kuno munthu amayenda m'makomo kupempha chikhululuko mwezi wosala ukayandikira, kapena akamanyamuka ulendo wautali. Mwezi suli pafupi. Nanga telala wopereka makina amene amamudyetsa, akutsanzika kuti akupita kuti?"

Che Swaleyi anakumbukira mmene Twaha anamugwirira dzanja m'mawa, osafuna kulisiya msanga, ndi mawu ake akuti, "Alamu, mwandisunga, zikomo." Iye anayankha kuti palibe kanthu, n'kupitiriza kumwa tiyi. Tsopano mantha anamugwira, ndipo manyazi anabwera pambuyo pake.

"Koma Shehe, ndinamuuza kuti kudzichotsera moyo ndi haramu."

"Munanena zoona, ndipo iye ankazidziwa kale. Ndinamuphunzitsa ndine ali wamng'ono. Koma tsiku lija sanabwere kudzafunsa lamulo. Anabwera kudzakuonetsani chilonda, inu n'kumuonetsa moto. Ndiye anaphunzira kuti kwa alamu ake chilonda sachivundukula. Si inu nokha. Inenso ndakhala ndikumuona pamzere wakumbuyo miyezi isanu, n'kumangoti nthawi imuchiza. Allah atikhululukire tonse awiri."

Che Swaleyi anakhala pansi pakhonde, pamalo ponyowa, osazindikira. Mwamuna wa mlongo wake uja anali munthu yekhayo amene ankatchulabe dzina la malemuyo, ndipo iye Che Swaleyi ndi amene anamutseka pakamwa.

"Nditani tsono?"

"Tipite tikamufunse. Osazungulira. Mukamuyang'ane n'kunena kuti, 'Twaha, kodi ukuganiza zodzipha?'"

"Aa, Shehe, mawu amenewo si otchula. Nanga ngati sanaganizeko, si ndiye kuti ndamupatsa ine maganizowo?"

"Kufunsa munthu ngati akumva malungo sikumudwalitsa malungo. Ngati sakuganiza zimenezo, adziwa kuti mumamukonda. Ngati akuganiza, mwina mukhala munthu woyamba kumulola kuti anene. Mukafunsa mukhale chete. Akalira, musamuletse. Akanena zoopsa, musathamangire kum'tsutsa ndi mawu a m'Buku. Nthawi yake idzafika."

"Ndiye basi?"

"Ayi. Kuyambira lero asagone yekha. Mutengereni kwanu, ndipo chilichonse chimene angadzipweteke nacho chichotsedwe pafupi naye. Mawa m'mawa tipite naye kuchipatala. Kuli anthu amene anaphunzira za matenda a maganizo monga ine ndinaphunzirira za Buku, ndipo kupita kwa iwo si kuchepa chikhulupiriro. Dua yomupempherera tipanga, mankhwala akafunika amwa. Zonsezo ndi za Mwini mmodzi."

Pamenepo woitanira swala anayamba adhana, mfuu yoitanira anthu kupemphero. Anthu anayamba kulowa pampanda, ena atatsamira njinga zawo pamtengo wa mango. Shehe anaitana mmodzi wa akuluakulu n'kumupempha kuti atsogolere swala m'malo mwawo, kenako anavala nsapato.

Che Swaleyi anadabwa. Zaka makumi awiri anali asanaphonyepo mzere woyamba, ndipo anthu onse ankadziwa malo ake.

"Shehe, adhana yamveka. Tiyambe taswali ndi anzathu, tipite pambuyo pake. Kwa Twaha si patali."

Shehe anali atafika kale pachipata. Anatembenuka n'kuyankha mofatsa.

"Swalayi tikaswalira kwa Twaha, Che Swaleyi. Tikafulumira, tiswali iye ataima pambali pathu. Tikachedwa, tidzaswali iye atagona patsogolo pathu m'nsalu yoyera."