Mzere Waufupi

M'shedi ya Atcheya munkamveka fungo la utuchi ndi guluu. Anali kalipentala, ndipo dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale, chifukwa kuyambira pamene chipani chinkalamula mpaka pamene chinagwa n'kukhala chotsutsa, wapampando wa deralo anali iwo omwewo. Mabenchi a mu ofesi ya chipani anakhoma ndi iwo. Pakhoma, pamwamba pa macheka, panali chithunzi cha Mdala, mtsogoleri wa chipanicho, atakweza chibakera, tsitsi likadali lakuda bii.

Chipanicho chinali chitadwala. Mdala anali atakalamba koma mpando sankafuna kuusiya, ndipo aliyense wotchula zosankha mtsogoleri wina ankadzuka m'mawa atachotsedwa. Wachiwiri wake anachoka, mlembi wamkulu anatsatira, ena anakadandaula kukhoti. Nyuzipepala zinkalemba kuti pachisankho chikubweracho chipanichi chikangoperekeza anzake. Atcheya akamva zotere pawailesi ankaitseka n'kupitiriza kupala thabwa.

Mlamu wawo, mlongo wa malemu akazi awo, ankameta anthu tsidya lina la msewu, ndipo tsiku silinkatha osabwera kudzawaputa.

"Alamu, chithunzicho muzichipukuta bwino. Ndi chokhacho chatsala ndi mano m'chipani mwanumo."

"Kameteni anthu."

"Ndimete ndani? A chipani chanu onse ndi adazi."

Atcheya anali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi, namwino pachipatala cha m'tauniyo. Chimwalirireni mayi ake, iye ndiye ankasunga nyumba ndi kuwakumbutsa bambo ake mankhwala. Amayi ambiri a m'deralo anachirira m'manja mwake. Ndiye pamene makomiti a chipani anayamba kufunafuna munthu woti aime pa uphungu, mapazi awo anathera pakhomo pa Atcheya. Koma lamulo linkati wogwira ntchito ya boma ayambe waisiya asanalowe ndale.

"Bambo, ndisiye ntchito?" anafunsa ataima pakhomo pa shedi.

Atcheya anauzira utuchi pathabwa, n'kuliyang'ana m'mbali ndi diso limodzi.

"Anthu akakuitana umavomera."

Mawu awo anali okhawo. Mwanayo anakasiya ntchito.

Wopikisana naye anali phungu wakale amene anthu ankamutcha Ndodo, chifukwa cha ndodo ya mutu wonyezimira imene ankalozera nayo anthu poyankhula. Chisankho chapitacho analuza, ndipo kuchokera pamenepo m'deralo ankangoonekamo pamaliro a anthu otchuka.

M'mawa wa tsiku la chisankho cha chipulula, Atcheya akupukuta nsapato, foni inalira.

"Kalipentala wanga, ukadali moyo?"

Anali Mdala mwini wake. Atcheya anaimirira, ngakhale m'chipindamo anali okha.

"Kumeneko ndikufuna Ndodo. Pamene afisi enawa ankandithawa, iye sanasunthe."

"Bwana, anthu akuoneka kuti akufuna..."

"Anthu ati? Anthuwo ndimawadziwa ndine. Adzanyinyirika sabata imodzi. Ndidzabwera ndekha, ndidzayankhula, adzabwerera onse ngati nkhuku dzuwa likamalowa. Kodi waiwala mmene tinkadzazira mabwalo, iwe?"

Sanaiwale. Ankakumbukira anthu atakwera m'mitengo ndi pamadenga kuti angomuona Mdala. Ankakumbukira fumbi litatseka dzuwa, akazi awo ali kutsogolo akuimba mpaka mawu kuwathera, n'kukhala masiku angapo akungonong'ona m'nyumba. Munthu amene ankachititsa zimenezo sangakhale atatha, anatero mumtima. Anavala nsapato.

Chisankho cha chipulula m'chipanimo chinkachitika poyera, pabwalo la mpira la pasukulu. Opikisana ankaima kutsogolo atafulatira anthu, ndipo aliyense ankakaima pamzere kumbuyo kwa amene akumufuna. Wopikisana sankaloledwa kucheuka mpaka wapampando atalengeza, kuti asadziwe amene wamukana n'kumusungira chakukhosi.

Atcheya anaimba wezulo. Anthu anakhamukira kumbuyo kwa namwino ngati madzi opeza ngalande. Mzerewo unadutsa pakati pa bwalo, unapitirira magolo, n'kukakhota kuseri kwa makalasi. Kumbuyo kwa Ndodo kunali abale ake, dalaivala wake ndi madoda angapo amene anabwera pa lole yake. Panalibe choti munthu awerenge. Komabe Atcheya anayenda mzere wautaliwo mpaka kumapeto, pang'onopang'ono, manja kumbuyo, amayi akuwamwetulira.

"Mwabala, Atcheya!" anakuwa mayi wina.

Atcheya anabwerera kutsogolo, anatenga chokuzira mawu, anayang'ana pamwamba pa mitu ya anthu.

"Amene wapambana ndi a Ndodo."

Namwino anatembenuka akudzikakamiza kumwetulira, dzanja atalitambasula kale kuti amuyamikire mnzake, poganiza kuti anthu amukanadi. Ndipo anauona mzere wake. Anautsatira ndi maso mpaka pamene unakhotera. Kenaka anayang'ana bambo ake, ndipo dzanja lija linatsika lokha.

Palibe anaponya mwala. Bwenzi zili bwino akanatero. Bambo wina anangovula chipewa cha chipani, n'kuchiika pansi bwinobwino ngati akugoneka mwana, n'kumapita. Ena anachita chimodzimodzi. Posakhalitsa pabwalo panatsala zipewa mbwee pa udzu, ndi Ndodo akuvina yekha ndi ndodo yake.

Masana amenewo mwanayo anawapangira tiyi monga mwa masiku onse, n'kukhala moyang'anizana nawo.

"Bambo, maso ayamba kukuvutani?"

"Ayi."

"Ndiye munaona."

"Ndinaona."

"Mukanandiuza m'mawa, ndikanakhala pakhomo. Mwandiimika padzuwa, anthu onse aja kumbuyo kwanga, inu mukudziwa kale."

"Chipani chili ndi mwini wake."

"Nanga ine mwini wanga ndani?"

Atcheya anatembenuza kapu pa mbale yake. Kenaka anati, "Mdala akubwera. Ukadzamumva udzamvetsa."

"Amayi akanakhalapo mukanawauzanso zomwezo?"

Atcheya ananyamuka n'kupita kushedi. Tiyi anazizira patebulo.

Makomiti anabweranso, ulendo uno kudzamupempha namwino kuti aime payekha, popanda chipani. Anakana. Anati sangayende m'misika akuvula bambo ake pagulu, pakuti kuti apemphe voti anayenera kufotokoza amene anamubera. Anabwerera kuchipatala kukapempha malo ake, koma anapeza atalembapo wina. Kuyambira pamenepo ankakhala pakhomo, akuchapa zovala zochapa kale. Bambo ndi mwana ankapatsana moni m'mawa, ankadyera patebulo limodzi, koma m'nyumbamo munkamveka masupuni okha.

Atcheya sanagwe mphwayi. Mtima wawo wonse unali pa tsiku la msonkhano wa Mdala. Anakhoma nsanja yaitali ngati za kale zija, anabwereka mipando kutchalitchi ndi kusukulu, anayenda khomo ndi khomo kuitana anthu. Anthuwo ankawalandira mwaulemu, kuwapatsa mpando, n'kunena kuti aona. Mlamu wawo anatseka shopu kudzawathandiza kunyamula matabwa, pakamwa osapuma.

"Mipando yonseyi, alamu, mwaitana ndi akumanda omwe?"

"Gwirani uko."

"Ndagwira. Komatu mwana wa mlongo wanga akuonda."

"Gwirani bwino."

Tsikulo linafika. Kunabwera nkhalamba zingapo zimene zinkakumbukira zakale, ogulitsa madzi ozizira, ndi ana okopeka ndi nyimbo. Mipando yambiri inangokhala yasa. Mdala anafika dzuwa litapendeka. Galimoto itatsegulidwa, Atcheya anaona kamunthu kakang'ono m'jekete lalikulu. Masitepe a nsanja anali otalikirana monga ankawakhomera kale, ndipo anyamata awiri anachita kumunyamula m'khwapa kuti akwere.

Mdala anakweza chibakera. Anafuula mfuu ya chipani, ndipo anayankha ndi Atcheya, Ndodo ndi nkhalamba zija. Anafuulanso. Mwana wina anamuyeserera, anzake n'kuseka. Kenaka anayamba nthabwala imene kale inkagwetsa anthu pansi ndi phwete, yonyoza nduna ina. Ndunayo inamwalira ambiri mwa omverawo asanabadwe. Anadikira kuseka, ndipo kunamveka mphepo yokha m'chokuzira mawu. Pomuonetsa Ndodo kwa anthu, anamutchula dzina la mlembi wamkulu uja anathawa chipani. Ogulitsa madzi anasenza zidebe zawo kulowera kusiteji ya basi.

Atcheya anaima pansi pa nsanja, chipewa m'manja, akudikirabe kuti liwu lija libwere. Ankati mwina akutenthetsa kukhosi. Mpaka Mdala anakhala pansi.

Pokwera galimoto, Mdala anawagwira dzanja. Chikhato chake chinali chozizira, chopepuka.

"Kalipentala, anthu ali kuti?"

"Anali pamzere, bwana."

"Mzere uti?"

Mnyamata wina anatseka chitseko, galimoto n'kunyamuka.

Chisankho chitachitika, Ndodo anathera kumchira, kumbuyo ngakhale kwa munthu wina wogulitsa njinga amene anaima mongoyesa. Dera limene linali la chipanicho kuyambira kale linapita kwa olamula. M'dziko lonse chipani chinatsala ndi aphungu okwana m'galimoto imodzi. Mdala anayankhula pawailesi kuti amubera. Ulendo uno Atcheya sanaitseke wailesiyo, anamvetsera mpaka kumapeto, dzanja lili pathabwa limene sanalipale.

Patapita milungu ingapo mwana wawo anapeza ntchito pachipatala china chakutali, ulendo wa tsiku lathunthu. Anawauza atalongedza kale. M'mawa wa ulendowo Atcheya anasenza sutikesi paphewa, ngakhale mwanayo anati ayitane wanjinga. Anayenda kutsogolo, mwanayo pambuyo, mlamu akutsatira patali. Anthu a m'misewu ankapereka moni kwa namwino. Kwa Atcheya ankangogwedeza mutu.

Pasiteji mwanayo anawakonza kolala ya shati.

"Mankhwala aja ndi m'mawa, mutadya. Osamwa m'mimba muli pululu. Amalume azidzakuonani."

"Chabwino."

"Makiyi a kukhitchini ali pa msomali."

"Chabwino."

Kondakitala ankaitana. Atcheya anatsegula pakamwa. Anayang'ana pansi, anagwira sutikesi.

"Chogwirira ichi chagwedera. Ukanandiuza ndikanakonza."

Mwanayo anawayang'ana, maso atadzaza misozi.

"Chisiyeni, bambo. Si zonse zimakonzeka ndi msomali."

Anakwera. Anakhala mbali ya kuwindo lakutsidya, ndipo basi inanyamuka. Atcheya anaima pomwepo mpaka fumbi linakhazikika. Mlamu wawo anafika pafupi, anakanda kukhosi ngati akufuna kunena kanthu, koma tsiku limenelo nthabwala inamukana. Anangowagwira pachigongono, n'kuwoloka nawo msewu ngati akuwolotsa munthu wodwala.

Atcheya sanali munthu woipa, ndipo bodza analinena kamodzi kokha pa moyo wawo wa m'chipani. Anakhulupirira kuti liwu limene linagwedeza mabwalo kale lidzawagwedezanso lero, ndipo pa chikhulupiriro chimenecho anaperekapo anthu awo ndi mwana wawo yemwe. Akuluakulu sananame pamene anati tsabola wakale sawawa.